Chanzi n'cha chimfine, osati malungo

Mwezi wa Juni ukalowa, mwera n'kuyamba kuwomba, chiperoni n'kukuta mapiri a Mulanje, Thyolo ndi Blantyre, m'minibasi mumangomveka kutsokomola ndi kuyetsemula. Iyi ndi nyengo yomwe amayi ogulitsa mandimu, jinja ndi adyo sasowa makasitomala. Koma m'zaka zaposachedwapa, pambali pa milu ya mandimuyo pakupezekanso katundu yemwe kale sankagulitsidwa: timitolo ta masamba a chanzi, mpungabwi ndi bulugama, ena aawisi, ena ouma oikidwa m'timajumbo. Zomwe agogo athu ankangothyola kuseri kwa nyumba kapena m'mphepete mwa dambo, lero zili ndi mtengo wake m'misika ya m'tauni.

Mkangano wa zitsambazi umakonda kukhala wa magulu awiri osamvana. Ena amati zonsezi n'zachikale, munthu wopita kusukulu sangamamwe madzi a masamba. Ena amati mankhwala enieni ali kutchire, za kuchipatala ndi malonda chabe. Magulu onsewa amaphonya pomwe pagona nkhani. Chanzi chili ndi ntchito yake, ndipo pa chimfine chimaigwira bwino ndithu. Ngozi imabwera pomwe kapu ya chanzi yaperekedwa kwa munthu yemwe thupi latentha chifukwa cha matenda ena, makamaka mwana, banja n'kukhala phee kudikira kuti chitsambacho chigwire ntchito.

Chanzi, chomwe akatswiri a zomera amachitcha Lippia javanica, ndi chitsamba chotalika mita imodzi kapena kuposerapo, cha masamba okhakhala ndi timaluwa ting'onoting'ono toyera tounjikana pamodzi. Mukafikisa tsamba lake m'manja limatulutsa fungo lamphamvu longa la mandimu. Chimamera chokha m'malo a udzu, m'mbali mwa mitsinje ndi m'mphepete mwa nkhalango, kuyambira ku South Africa mpaka kummawa kwa Africa. Ku Zimbabwe amachitcha zumbani, Azulu amati umsuzwane, ndipo ponseponse ntchito yake yaikulu ndi imodzimodzi: kuwiritsa masamba n'kumwa ngati tiyi pa chifuwa, chimfine ndi kutentha thupi. Mitundu ya anthu yosiyana zilankhulo ikamadalira chomera chimodzi kwa mibadwomibadwo, wofufuza wanzeru sayamba ndi kuseka.

Ofufuza sadasekedi. Mafuta onunkhira a m'masamba a chanzi adayesedwa ku South Africa ndipo adapezeka kuti amalimbana ndi mabakiteriya ena komanso amathamangitsa udzudzu. Ku Zimbabwe, madzi a masamba ake adayesedwa pa nkhupakupa za ng'ombe ndipo adazichepetsa. Izi zikusonyeza kuti m'tsambamo muli mphamvu. Sizikusonyeza kuti kapu ya chanzi imapha tizilombo m'thupi mwa munthu, poti zochitika m'kambale ka mu labotale ndi zochitika m'magazi a wodwala n'zotalikirana, ndipo kafukufuku wamkulu woyesa chanzi pa anthu odwala sadachitikebe.

Mwayi wake ngwakuti chimfine sichilira mankhwala opha tizilombo. Chimayamba ndi mavairasi, omwe alipo a mitundu yoposa 200, ndipo thupi limawagonjetsa lokha pakatha masiku 7 mpaka 10. Palibe mankhwala, achikuda kapena achizungu, omwe amachiza chimfine. Chomwe wodwala amafuna ndi kupumula, kumwa madzi ambiri ndi china chake chochepetsako ululu pomwe thupi likumenya nkhondo yake. Kapu yotentha ya chanzi, yofinyiramo ndimu ndi kuthiramo uchi pang'ono, imafewetsa pakhosi, imabwezeretsa madzi m'thupi, ndipo fungo lake limachititsa munthu kumva kuti mphuno zatseguka. Mankhwala ambiri a chimfine a m'mabotolo okongola a ku famase sachita zoposa pamenepa, ngakhale mtengo wake ungadye ndalama ya ndiwo ya sabata yonse.

Tinganenenso mosabisa kuti pa chimfine, womwa chanzi akuchita bwino kuposa mnzake yemwe wathamangira ku golosale kukagula makapusozi anayi a amoxicillin kapena mapiritsi a Bactrim. Mankhwala amenewa amapha mabakiteriya, sakhudza mavairasi ngakhale pang'ono. Kuwamwa pa chimfine, komanso mosamaliza mlingo, kumangophunzitsa mabakiteriya kupirira, kotero kuti tsiku lomwe mankhwalawo adzafunike zenizeni adzapezeka opanda mphamvu. Kafukufuku wamkulu yemwe adasindikizidwa m'magazini ya The Lancet adapeza kuti m'chaka cha 2019 chokha, anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse adamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara ndiwo adakhudzidwa kwambiri. Pa nkhani iyi agogo okhala ndi mphika wawo wa chanzi alibe mlandu.

Vuto limayambira pa mawu amodzi: malungo.

Makolo athu ankagwiritsa ntchito mawuwa kalekale, kusanadziwike za kachilombo kofalitsidwa ndi udzudzu. Kwa iwo malungo kudali kuphwanya kwa thupi, kuzizidwa, kunjenjemera ndi kutentha kulikonse, kaya gwero lake n'chiyani. Achipatala atabwera adatenga mawu omwewo n'kuwapatsa matenda amodzi. Choncho agogo akamati chanzi chimathetsa malungo, m'chilankhulo chawo sakunama: adaona anthu ambiri otentha thupi akumwa chanzi n'kuchira, poti ambiri mwa iwo ankadwala matenda otha okha. Koma mdzukulu wawo wa ku Ndirande kapena ku Area 25 amamva mawuwo m'tanthauzo la kuchipatala, ndipo uthenga womwe umayenda pa WhatsApp susiyanitsa matanthauzo awiriwa.

Tsiku loyamba, malungo a udzudzu ndi chimfine champhamvu zimafanana ngati mapasa: mutu, kuphwanya m'mfundo, kutentha, kusowa chilakolako cha chakudya, ndipo kwa ana ngakhale chifuwa. Dokotala amene sangazisiyanitse ndi maso. N'chifukwa chake bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangiza mu 2010 kuti aliyense woganiziridwa malungo ayambe wayezedwa magazi asanapatsidwe mankhwala, ndipo dziko lino lidayamba kugwiritsa ntchito tizipangizo toyezera msangamsanga m'zipatala zake mu 2011. Ngati munthu yemwe adathera zaka zambiri akuphunzira zachipatala amafuna kadontho ka magazi kuti atsimikize, mayi yemwe wangokhudza pachipumi pa mwana sangadziwe kuti uku n'kutentha kwa chimfine chabe.

Pali chinthu china chomwe chimanyenga mabanja ambiri. Kutentha kwa malungo sikukhazikika, kumabwera n'kupita. Wodwala amazizidwa, kenaka amatentha kwambiri, kenaka amatuluka thukuta thupi n'kuzizira, iye n'kumva bwino kwa maola angapo. Tsono ngati wamwa chanzi kapena wafukizidwa ndi nthunzi pa nthawi ya kutenthayo, thukuta likamatuluka aliyense pakhomo amati mankhwala agwira, matenda atuluka. Pomwe banja likupuma, tizilombo tikupitiriza kuswana m'magazi. Mtundu wa kachilombo womwe uli wofala m'dziko muno, Plasmodium falciparum, ungathe kumufikitsa mwana pokomoka kapena posowa magazi m'tsiku limodzi kapena awiri. Panado nayenso amanyenga chimodzimodzi, ndipo m'tauni amabisa malungo ambiri kuposa chanzi. Kusiyana kwake n'kwakuti palibe amene amakhulupirira kuti panado amachiza malungo.

Malinga ndi lipoti la WHO la 2024, m'chaka cha 2023 anthu pafupifupi 597 000 adamwalira ndi malungo padziko lonse. Mwa anthu 100 aliwonse omwalirawo, 95 adali a mu Africa, ndipo mwa anthu anayi aliwonse a mu Africa omwe adamwalira, atatu adali ana osafika zaka zisanu. Anthu a m'tauni amakonda kudzilimbitsa mtima kuti m'nyengo yozizira kulibe udzudzu. N'zoona kuti malungo amachuluka m'miyezi ya dzinja, koma m'mbali mwa nyanja ndi kuchigwa cha Shire amafala chaka chonse, ndipo zizindikiro zimaoneka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri munthu atalumidwa. Yemwe adakagona kumaliro ku Nkhotakota kapena ku Chikwawa kumayambiriro kwa mwezi, akadwala pakati pa mwezi ali ku Lilongwe, saganizanso za ulendo uja. Amati ndi mphepo.

Chibayo nacho chimalowera pa khomo lomwelo. Chimayamba ngati chimfine wamba, mamina ndi chifuwa, ndipo ndi amodzi mwa matenda omwe amapha ana aang'ono kwambiri padziko lonse. Apa ndi pomwe amoxicillin uja amafunikadi, ndipo apa ndi pomwe masiku awiri odikira chanzi amakhala okwera mtengo.

Kungakhale kulakwa kunena kuti anthu amathamangira zitsamba chifukwa cha umbuli. Ambiri amachita masamu, ndipo masamu ake ngomveka. Ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo poti mankhwala ambiri timagula kunja, mitengo ya ku famase idakwera motsatira. Chipatala cha boma n'chaulere, koma ulendo wake si waulere: pali ya minibasi kapena kabaza, pali tsiku lathunthu lomwe geni yaima, ndipo pamapeto pa mzere wautali wodwala angathe kungopatsidwa kapepala koti akagule yekha mankhwala. Kuonjezera apo, kuyambira mu Januwale 2025 dziko la America lidaimitsa ndi kudula thandizo lake lambiri lakunja, pomwe kwa zaka zambiri lakhala likulipirira gawo lalikulu la masikito, zoyezera ndi mankhwala a malungo kuno. Akuluakulu adati fodya ndi amene ali pamphuno. Chanzi chili pamphuno, chipatala chili kutali. Aliyense wofuna kuti anthu asachedwe kunyumba ayenera kuyamba wayankha masamu amenewa.

Msika wa zitsamba m'tauni udakula kwambiri m'nthawi ya Covid-19. Matendawa adapezeka m'dziko muno pa 2 Epulo 2020, koma mantha enieni adagwira anthu mu Januwale 2021, pomwe nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi. M'masiku amenewo mitengo ya bulugama idasadzulidwa, m'makomo ambiri munkanunkhira nthunzi ya masamba, ndipo ku Zimbabwe zumbani idasanduka malonda otentha. Ambiri mwa omwe adadzifukiza adachira, monganso adachirira ambiri omwe sadadzifukize, poti odwala Covid-19 ochuluka ankachira okha. Koma wochira amathokoza chomwe adamwa, ndipo omwe chidawakanika sakhalapo kuti apereke umboni wawo. Dziko lino lidaonapo kale zotere mu 1995, pomwe anthu miyandamiyanda adakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa a Billy Goodson Chisupe pokhulupirira kuti uchiza Edzi.

Oikira kumbuyo zitsamba ali ndi mfundo imodzi yamphamvu, ndipo ngoyenera kuimva bwino. Amati ngakhale LA, mankhwala omwe timalandira kuchipatala tikapezeka ndi malungo, adachokera ku tsamba. N'zoona. Mphamvu yake yaikulu idachokera ku chomera cha Artemisia annua, chomwe anthu a ku China ankachigwiritsa ntchito pa kutentha thupi kwa zaka mazanamazana. Mayi Tu Youyou ndi anzawo adapatula mankhwala a artemisinin m'chomeracho mu 1972, ndipo mu 2015 mayiyu adalandira mphotho ya Nobel. Kwinini nayenso adachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America. Palibe wasayansi woona yemwe amanyoza tchire.

Koma mbiri yomweyi ikutsutsa omwe amaitchula. Chomwe chidasandutsa tsamba la ku China kukhala mankhwala opulumutsa anthu mamiliyoni ndi kupatula mphamvu yake, kuiyeza mlingo, kuiyesa pa odwala, kenaka kuiphatikiza ndi mankhwala achiwiri kuti tizilombo tomwe tapulumuka ku oyamba tiphedwe ndi enawo. Mu LA muli artemether ndi lumefantrine, ndipo amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu. Tiyi wa masamba a Artemisia, yemwe ena amalima ndi kugulitsa kuno, alibe mlingo wodziwika, ndipo mu 2019 WHO idanena poyera kuti sikuvomereza kugwiritsa ntchito masamba a chomerachi pochiza kapena kupewa malungo. Mlingo wochepa supha tizilombo tonse, umangotizoloweretsa. Ife Amalawi nkhani imeneyi timaidziwa bwino kuposa ambiri. Mu 1993 dziko lino lidakhala loyamba mu Africa kusiya chloroquine chifukwa adasiya kugwira ntchito. Fansidar yemwe adalowa m'malo mwake nayenso adafooka, mpaka mu 2007 tidasamukira ku LA. Pano tizilombo toyamba kupirira artemisinin tapezeka kale ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi Tanzania, dziko lomwe tili nalo malire.

Nkhani ya mlingo imakhudzanso chanzi chenichenicho. Ofufuza a ku South Africa adapeza kuti mafuta a m'masamba ake amasiyana kwambiri malinga ndi malo omwe chamera, moti chanzi cha dera lina ndi cha dera lina zingafanane maonekedwe koma mphamvu zake n'kukhala zosiyana. Kafukufuku wa ku Zimbabwe uja wa nkhupakupa, yemwe adasindikizidwa mu 2011, adapezanso kuti madzi a chanzi okhathamira kwambiri adapha zina mwa mbewa zomwe zidamwetsedwa. Masamba ochepa m'kapu, kawiri kapena katatu patsiku kwa masiku owerengeka, ndi momwe anthu akhala akumwera kwa mibadwo. Chizolowezi chatsopano chodzaza mphika ndi masamba, kusakaniza zitsamba zisanu n'kumamwa tsiku ndi tsiku ngati chodzitetezera sichidachokere kwa makolo. Amayi oyembekezera, makanda, ndi omwe ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku monga ma ARV kapena a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndi bwino afunse kaye achipatala. Uchi nawo suyenera kupatsidwa kwa mwana wosakwana chaka.

Palinso vuto lomwe agogo adalibe koma mdzukulu wa m'tauni ali nalo: sachidziwa chitsambacho. Chanzi chili m'banja limodzi ndi lantana, chitsamba chija cha maluwa amitundumitundu chomwe chadzaza m'mipanda ndi m'mbali mwa misewu, ndipo masamba ake ngofananako. Lantana ndi wapoizoni, amaononga chiwindi cha ziweto zomwe zamudya. Masamba akauma n'kuperedwa, ngakhale katswiri sangawazindikire ndi maso. Maina nawo amasokoneza, poti dzina limodzi lingathe kuperekedwa ku zitsamba zingapo zonunkhira mofanana, malinga ndi dera.

Za kufukiza tinene mwachidule. Akatswiri omwe adaunika kafukufuku wosiyanasiyana sadapeze umboni woti nthunzi imafupikitsa chimfine, ngakhale ena amamva bwino kwa kanthawi. Chomwe chili ndi umboni ndi mabala a moto. Mu 2020 madokotala a chipatala cha ana ku Birmingham ku Britain adadandaula kuti ana opsa ndi madzi ofukizira adachuluka kwambiri. Mwana wofunditsidwa bulangete pamwamba pa mphika wowira, mumdima, akubanika, amangofunika kugwedeza mwendo kamodzi.

Boma lili ndi mbali ziwiri zoti ligwire. Yoyamba ndi ya malonda. Mayi wogulitsa kamtolo ka chanzi pamsika savuta. Wovuta ndi yemwe waika ufa wa masamba m'botolo, wamata pepala lonena kuti umachiza malungo, shuga, chifuwa chachikulu ndi kusabereka, n'kukalengeza pa wailesi ndi pa Facebook. Lamulo la 2019 lomwe lidakhazikitsa bungwe loona za mankhwala la PMRA lidalipatsa mphamvu pa zinthu zotere, ndipo mphamvuzo zikuyenera kuoneka kwambiri pa zonena za pa botolo, poti ndi zomwe zimachititsa munthu kusiya njira ya kuchipatala.

Yachiwiri ndi ya kafukufuku, ndipo apa tachedwa popanda chifukwa chomveka. Ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens komwe kuli akatswiri odziwa kuzindikira zomera. Sukulu ya ukachenjede ya KUHeS ili ndi akatswiri a zamankhwala, ndipo asing'anga ali ndi mabungwe awo. Dziko la Ghana lidakhazikitsa malo ofufuzira mankhwala a zomera ku Mampong mu 1975, ndipo lero m'zipatala zina za boma kumeneko muli zigawo zopereka mankhwala azitsamba oyesedwa. Ife sitikufunika kuyamba ndi zazikulu. Kabuku ka m'Chichewa ndi Chitumbuka kosonyeza zithunzi za chanzi, mpungabwi ndi lantana, konena kuchuluka kwa masamba pa kapu ndi anthu osayenera kumwa, kangathandize mabanja ambiri kuposa chikalata china chochenjeza.

Uthenga wongoti musamwe zitsamba sumveka, chifukwa anthu adamwapo n'kupeza bwino, ndipo amangosiya kuuza adokotala zomwe amwa. Uthenga womwe ungamveke ndi woika malire. Wamkulu yemwe ali ndi mamina, kuyetsemula ndi zilonda za pakhosi, thupi losatentha kwenikweni, amwe chanzi chake n'kugona. Koma thupi likatentha, makamaka la mwana wosafika zaka zisanu kapena la mayi woyembekezera, magazi ayezedwe pasanathe maola 24, kaya chanzi chamwedwa kaya ayi. Mwana yemwe akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka, wafooka modabwitsa kapena m'munsi mwa chifuwa mukulowa mkati akamapuma, ngwothamangira naye nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Kapumidwe nako kangathe kuwerengedwa pakhomo ndi wotchi ya pa foni, mwana ali phee: kupuma ka 50 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi kwa mwana wa miyezi iwiri mpaka 11, kapena ka 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zisanu, ndi chizindikiro cha chibayo. Alangizi a zaumoyo omwe amayendetsa zipatala za m'midzi amagwiritsa ntchito manambala omwewa, ndipo kuyeza malungo kumatenga mphindi zosaposa 20.